Mayi Amene Tinawatulutsa mu Umphawi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza patangopita zaka ziwiri chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri. Ndinali mtsikana wa ku Ntcheu wa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndili ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi kakosi ka miyezi ingapo ka chitukuko cha m'midzi. Masiku amenewo mabungwe ankatsegulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense wolankhula pa wailesi, kaya ndi nduna kaya ndi mbusa, sankatsiriza mawu ake asanatchule zothetsa umphawi. Bungwe limene linandilemba linali laling'ono, thandizo lake lochokera maiko akunja. Anandipatsa njinga yamoto, chipewa chake cholimba chondikulira, ndi midzi khumi ndi iwiri ya kumunsi kwa chigwa cha Phalombe, kufupi ndi dambo la Chilwa. Nthawi imeneyo Phalombe anali asanakhale boma payekha, zamaofesi zonse tinkakachitira ku Mulanje.

Ndinafika nyanja itauma. Ine Chilwa ndinali nditangomuphunzira kusukulu, ndiye tsiku limene anandiperekeza kukamuona ndinaima pamalo amene amati ndi doko, maso n'kumangoona dothi long'ambika mpaka kutali, mabwato atavundikiridwa pamtunda. Amuna ambiri anali atachoka kukasaka pogwira. M'midzimo munatsala amayi, ana ndi okalamba.

Abwana athu anali bambo a ku Blantyre, munthu wosakwiya msanga, wosakweza mawu. Nditagwira miyezi itatu anatitengera tonse ku wekishopu kutauni. Kumeneko anatiuza kuti eni thandizo asintha maganizo. Mijigo ndi midadada ya sukulu akuti zimapindulira aliyense, ngakhale opeza bwino, choncho tsopano thandizo lizilunjika kwa osaukitsitsa. Liwu limeneli ndinalimva koyamba tsiku lomwelo, ndipo ndinalilemba m'kope mwanga n'kulidula mzere kunsi. Anatiphunzitsanso kapezedwe kake ka anthuwo. Khomo lililonse tizililemba pakapepala, kenako eni mudzi aziika timapepalato m'milu itatu: opezako bwino, osauka, ndi osaukitsitsa.

Mudzi woyamba anthu anachita manyazi, palibe ankafuna kuti kapepala kake kagwere pamulu wachitatu. Pofika mudzi wachinayi mbiri inali itayenda kale, ndipo mulu wachitatuwo ndi umene unkatalika kuposa yonse.

Mayi amene ndikufuna kunena za iwo ndinakumana nawo pamsonkhano wotero. Anali a zaka za m'makumi anayi, aafupi, a mano a mpata, olankhula Chichewa cha Chilomwe chija chokwera ndi kutsika ngati akuimba. Atamva kuti kapepala kawo kagwera pamulu wachitatu, anaseka mpaka kugwira mnzawo paphewa.

"Alangizi," anatero akundiyang'ana, "ndiye kuti ine ndakhoza kapena ndalephera?"

Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka.

Amuna awo anali msodzi. Nyanja itauma anawolokera ku Mozambique, osabweranso, osatumizanso mawu. Anawasiya ndi ana atatu, wamkulu mtsikana wa Sitandade 5. Mayiwo anali ndi munda wa mpunga kudambo umene anawasiyira amayi awo, kadimba ka nandolo kuseri kwa nyumba, nkhuku zingapo, ndi njinga yakapalasa imene bamboyo anasiya. Kusauka anali osaukadi. Chaka chimenecho mpunga unapserera, ndipo ankadya kamodzi patsiku. Koma pakhomo pawo panali posesa, ndipo munthu sunkachokapo usanaseke.

Patapita miyezi iwiri abwana anandiitana muofesi. Anati kukubwera mlendo wochokera kwa eni thandizo, ndipo tsogolo la pulojekiti ya mbuzi imene tinapempha lili m'manja mwake.

"Achemwali, mutipezere khomo limodzi loti mlendoyu akaone ndi maso ake. Munthu wake akhale wodziwa kulankhula, asakhale wongoyang'ana pansi."

Sindinaganize kawiri. Ndinasankha mayi aja.

Kutatsala tsiku limodzi ndinapita kukaona ngati akonzeka. Ndinapeza azira nyumba yonse ndi dothi lakuda, pakhonde pali mipando iwiri yobwereka kwa aphunzitsi, ndipo pachingwe ayanikapo chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Ndinakhala pampando umodzi n'kuyamba kuzungulira nkhani, mpaka ndinaitchula.

"Amayi, mipandoyi ibwezeni lero lomwe. Njingayi mukaisungitse kwa achemwali anu. Nkhukuzi mawa musazitsegulire. Ndipo chitenjecho musavale, muvale chomwe mumapita nacho kudambo."



"Alangizi, kwanu ku Ntcheu mlendo mumamulandira mutavala nsanza?"

"Si choncho, amayi. Koma akaona zinthuzi aganiza kuti muli bwino, ndiye mbuzi sizibwera. Si inu nokha, ndi amayi a midzi yonseyi."

Mawu omalizawa ndi amene anawagonjetsa. Anaimirira, n'kuyanula chitenje chija, n'kuchipinda.

Mlendoyo anali mzungu wamkazi wachikulire, wa tsitsi la imvi, munthu wamtima wabwino ndithu. Anakana kukhala m'galimoto, anakhala pansi pamkeka wong'ambika n'kugwira mayi aja dzanja. Womasulira ndinali ine. Anafunsa kuti amakhala bwanji. Mayiwo anati, "Ndimalima mpunga, ndipo mpunga wanga amaudziwa mpaka ku Migowi. Kungoti chaka chino madzi atithawa." Ine m'Chingerezi ndinati alibe chilichonse, munda wawo sutulutsa kanthu. Anafunsa za amuna awo. Mayiwo anati, "Anapita, ndipo pakhomo pano phokoso linachepa." Ine ndinati anawathawa, ndipo amalira masiku onse. Abwana anali chiimire pambali, ankamva zinenero zonse ziwiri, ndipo ankangogwedeza mutu movomereza.

Mlendo uja anagwetsa misozi. Anawajambula mayiwo ataima pakhomo, ana awiri aang'ono atawagwira chitenje chakudambo chija. Asanajambule, mayiwo anamwetulira monga amachitira munthu aliyense pa kamera. Ine ndinawauza m'Chichewa kuti asaseke.

Mbuzi zinabweradi. Mayi aliyense wa pamulu wachitatu analandira ziwiri zazikazi, ndi pangano loti zikaswa, ana oyamba apatsire mnzake. Ine anandiyamikira pamsonkhano wa antchito onse. Zimene ndinachita sizinandisowetse tulo ngakhale pang'ono. Ndinkadziuza kuti ndinanama pofuna kuthandiza, ndipo mbuzi zinali umboni wanga.

Zaka zotsatira zinali zabwino pakati pa ine ndi mayi aja. Ndikapita kudera lawo, nkhomaliro ndinkadyera kwawo. Ndi iwo amene anandidyetsa kalongonda koyamba, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lathunthu n'kumataya madzi, apo ayi zimaledzeretsa munthu. Ankandiseka kuti ndimazitafuna mwamantha ngati mankhwala. Nditakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Migowi, iwo anabwera kuukwati wapansi, atasenza mpunga wopuntha okha. Nditachira mwana woyamba anabweranso, n'kundiphunzitsa kumusambitsa, poti amayi anga anali kutali. Sankanditchula dzina, mpaka mapeto ndinali alangizi, koma ankandikalipira ngati mwana wawo ndikamuveka khanda zovala zochepa.

Madzi anabwerera m'nyanja, mpunga unayambanso kucha. Mbuzi zawo zinaswa, anapatsira mnzawo monga mwa pangano, iwo n'kutsala ndi zinayi. Masiku a msika ankakwera njinga ija kukagula matemba kudoko n'kukagulitsa kumtunda. Mtsikana wawo anakhoza mayeso n'kuyamba sekondale yoyendera. Zinthu zinasinthako, koma pang'ono. Denga linali laudzu lomwe lija, ndipo mwezi wa Januwale ukafika ankapitabe kuganyu ngati wina aliyense.

Kenako kunabwera wekishopu ina. Ulendo uno liwu latsopano linali lakuti zotsatira. Anatiuza kuti anthu a kumaiko kumene thandizo limachokera atopa ndi zithunzi za ana a mimba zotupa. Akufunsa kuti zaka zonsezi thandizo lawo lachita chiyani. Bungwe lofuna kupitiriza lionetse anthu amene atuluka mu umphawi, mayina awo ndi nkhope zawo. Anthu oterowo azichotsedwa m'kaundula wa osaukitsitsa kuti malo awo alowepo ena.

Titabwerako abwana anati mlangizi aliyense apereke makomo khumi. Ndinawauza kuti kudera langa sindikuona khomo limene ndinganene ndi mtima wonse kuti latuluka.

"Achemwali, palibe akunena kuti alemera," anatero modekha. "Tikunena kuti asuntha. Mayi anu aja a chithunzi, si ali ndi mbuzi? Si mwana wawo ali kusekondale? Eni thandizo nkhope yawo akuidziwa kale. Akaona yemweyo ali bwino, tapata zaka zina zitatu."

Dzina lawo ndinalilemba loyamba pamndandanda.

Mlendo wa ulendo uno anali mwamuna wachinyamata wa fomu yaitali, woti azichonga zimene waona. Dzulo lake ndinapitanso kwa mayi aja, ulendo uno pagalimoto ya ofesi. Kumbuyo tinanyamula malata asanu ndi atatu otsala pa shedi yathu ya njinga. Tinawatsamiritsa kukhoma la nyumba yawo kuti zioneke ngati agula okha, akungodikira mmisiri. Ndinawapempha abwereke mbuzi zina zisanu kwa anzawo kuti khola lidzaze.

Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alangizi inu! Ulendo uja munati ndibise, lero mukuti ndibwereke. Kodi azungu anuwa amafuna chiyani kwenikweni?"

"Amafuna aone kuti thandizo lawo likugwira ntchito."

"Nanga mbuzi zinayizi si ntchito?"

"Ndi ntchito, amayi, koma pafomu sizikwana."

Anachita zonse zimene ndinawapempha. Ndikukhulupirira kuti anachitira ine, osati bungwe. M'mawa mwake anavala bwino, anayankha mafunso mwanthabwala, ine n'kumakometsa pomasulira. Mlendo atafunsa ngati amadya katatu patsiku chaka chonse, mayiwo anati, "Nthawi yokolola timadya ngakhale kanayi." Ine ndinangoti inde, chaka chonse. Tinachita kamwambo pabwalo la sukulu, amayi khumi analandira mapepala okongola olembedwa kuti atuluka mu umphawi, anthu anaimba, nthungululu zinalira. Mlendo atangonyamuka, dalaivala wathu anabwerera kukatenga malata aja. Ndinali m'galimotomo. Mayiwo anathandiza kukweza, akugwira mbali imodzi dalaivala mbali ina, ndipo atamaliza anapukuta manja n'kutitsazika bwinobwino. Ine ndinayang'ana kumbali.

Nkhani yawo inatuluka m'kabuku ka bungwe, zithunzi ziwiri zitagundizana, chakale ndi chatsopano. Kabukuko kanafika mpaka kumudzi kwawo. Pulojekiti anaiwonjezera zaka zitatu, ine anandikweza kukhala woyang'anira alangizi anzanga.

Chaka chotsatira mvula inagwa yosalekeza. Dambo linasefukira, mpunga unamira usanabereke, chimanga cha kumtunda chinachita chikasu n'kuima. Pofika Novembala nkhokwe zinali mbee. Kumsika wa boma anthu ankagona pamzere masiku awiri n'kubwerako chimanjamanja. Amene anaiona njala ya chaka chimenecho safuna kuikumbutsidwa. Anthu ankadya gaga, mizu ya nthochi, ndi zikhawo za m'madzi zimene kale ankangozipondaponda. Mbuzi inkasinthanitsidwa ndi kambale ka chimanga.

Chimanga cha thandizo chitayamba kufika, bungwe lathu analipatsa ntchito yogawa m'midzi yathu ija. Chinali chochepa, nthawi inalinso yochepa, ndiye anagamula kuti tigwiritse ntchito kaundula wa osaukitsitsa amene tinali naye kale, makomiti a m'midzi angotsimikiza. M'kaundulamo dzina la mayi aja munalibe. Ndinalifufuta ndine, ndi dzanja langa, chaka chimodzi m'mbuyomo.

Anabwera kuofesi Lachiwiri lina m'mawa, wapansi. Njinga anali atagulitsa kale. Poyamba sindinawazindikire, masaya anali atalowa, khosi litatalika. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Alangizi, akomiti akuti dzina langa kulibe. Ndinawauza kuti pali kulakwitsa, iwo akuti ayi, inu munatuluka mu umphawi, tinavina tonse pasukulu paja, muli m'buku la azungu. Ena akuti ndikagulitse malata."

"Malata ake ati?"

"Omwe aja. Akuti ndinawabisa."

Ndinawauza kuti adikire, ndikaonane ndi abwana. Ndinalowadi. Abwana anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anavula magalasi n'kutikita m'maso. Nawonso anali atatopa, anali atazungulira midzi sabata yonse.

"Ndikumva, achemwali. Koma mndandanda wa olandira chimangawu ukupita kwa anthu omwe aja tinawatumizira lipoti. Dzina la mayi amenewa ndi lokhalo limene akulidziwa pamtima. Akaliona pa osaukitsitsa, tidzati chiyani? Kuti tinanama? Akatitsekera, midzi khumi ndi iwiri ija idya chiyani? Ndipo mukabwezera mmodzi, asanu ndi anayi enawo abwera mawa."

Pali zambiri zimene ndikanayankha. Ndikanati njala yagwera aliyense, ngakhale amene anali bwino, ndipo eni thandizo akanamvetsa. Ndikanati tilembe dzina la mwana wawo m'malo mwa lawo. Ndikanangolilemba osauza munthu, poti mindandanda inkadutsa m'manja mwanga. Zonsezi ndinaziganiza pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinaganiza za udindo wanga watsopano, za mwana wanga, za amuna anga amene malipiro awo ankachedwa. Ndinati, "Chabwino, bwana," n'kutuluka.

Mayi aja ndinawauza kuti nkhani yawo ikuunikidwa. Ndinapita nawo kunyumba kwanga, ndinawaphikira tiyi, n'kuwapungulira ufa m'kajumbo. Analandira ndi manja awiri. Ufa umenewo sukanatha sabata pakhomo la anthu anayi, koma unandipeputsa mtima ngati ndachita chachikulu.

Patatha masabata awiri anabweranso. Ndinawaonera pawindo akulowa pageti, akuyenda pang'onopang'ono, mapazi atatupa. Yankho ndinalibe, ndipo kunyumba kwanga kunali kutadzaza abale a amuna anga othawa njala kwawo. Ndinaitana mlonda wathu, bambo achikulire a komweko, n'kuwauza kuti akawauze mayiwo kuti ndapita kumidzi. Mlondayo anandiyang'ana n'kupita. Ine ndinalowa m'chipinda chosungira katundu n'kutseka chitseko. M'chipindamo munali matumba a chimanga cha thandizo osanjikizana mpaka kudenga, ndipo ndinakhala pa limodzi mwa matumbawo. Ndinamva mawu awo panja akufunsa kuti ndibwera nthawi yanji. Anadikira pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Inenso ndinakhala momwemo nthawi yonseyo, osadya, osapita kokadzithandiza, kudikira kuti munthu wanjala atope.

Sanabwerenso.

Kumudzi kwawo ndinapitako anthu atayamba kudya zatsopano, mwezi wa Epulo. Miyezi yonse ya pakatiyi ndinkatuma alangizi ena kudera limenelo, ine n'kumapeza zifukwa. Ndinkaopa kukapeza manda. Ndinawapeza ali moyo, atakhala pakhonde akusenda chinangwa. Khola linali lopanda kanthu, mbali ina litagwa. Anandiyalira mkeka, anandifunsa za mwana, za amuna anga, za kwathu ku Ntcheu, zonse mwa dongosolo lake. Kenako anandifotokozera mmene anapulumukira, mosakweza mawu, ngati akunena za munthu wina.

Mbuzi zinapita zoyamba. Kenako njinga. Tsiku lina anaphika kalongonda wopemphetsa, koma ana ankalira kwambiri moti anamuphula asanapse, ndipo onse anayi anagona masiku awiri akusanza, mutu ukuzungulira. Zitatero anapita kwa bambo wina wogula mpunga wa pamsika, n'kumupatsa munda wa kudambo uja kuti awapatse chimanga. Sanabwereketse, anapereka ndithu, pamaso pa mboni. Mtsikana wawo, amene anali Fomu 2, anapita ndi munthu wogula nsomba wa ku Zomba amene anali ndi mkazi kale.

"Sindinamuletse," anatero. "Kumeneko amadya."

Ndinayamba kulankhula zimene ndinakonzekera m'njira. Ndinati zinthu zinali zovuta, malamulo anachokera kumwamba, ndinayesetsa. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Alangizi, tsiku lija ndinabwera kachiwiri, njinga yanu yamoto inali panja. Chipewa chanu chinali pachiwongolero."

Anatola chinangwa china n'kupitiriza.

"Ndinadziwa kuti muli momwemo. Ndinakhala dala, ndimati mwina mutuluka. Mukanangotuluka n'kundiuza kuti amayi zakanika, ndikanapita m'mawa womwewo kukasaka ganyu. Tsiku lonse lija linapita pachabe, ndipo ana anagona ndi njala."

Ndinalira. Iwo sanalire, ndipo sanandiletse kulira. Anapitiriza kusenda chinangwa chawo. Nditati pepani, anati amva. Sananene kuti zatha, kapena kuti palibe kanthu, mawu amene anthu timanena kuti mnzathu apepukidwe. Pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu monga mwa masiku onse, koma sanandipatse kanthu koti ndikapatse mwana, ndipo aka kanali koyamba.

Ndinayesa kukonza zimene zikanatheka. Ndinapita kwa bambo wogula mpunga uja kawiri kukamupempha kuti abweze munda, ife timubwezere chimanga chake ndi kuwonjezerapo. Anandilandira mwaulemu, n'kundiuza kuti iye anathandiza munthu pa nthawi imene mabungwe anamukana, ndiye sakuona chimene analakwa. Ndinasowa pomugwira. Mtsikana uja ndinamulembera kalata kuti abwerere kusukulu, ine ndimuthandiza. Anayankha kuti ndi woyembekezera.

Pulojekiti yathu sinathe n'komwe zaka zitatu zija. Mphepo inasinthanso. Eni thandizo anati tsopano thandizo lizidzera m'thumba la boma, boma ndi limene lili ndi ndondomeko yochepetsa umphawi, mabungwe ang'onoang'ono amangomwaza mphamvu. Chimene chinatsalira mabungwe chinali cha Edzi ndi ana amasiye. Abwana anasintha chikwangwani cha pageti, ife anatipititsa ku wekishopu ina, ndipo tinabwerako ndi makaundula atsopano. Za mbuzi palibe anazitchulanso. Lipoti lija tinaliteteza ndi njala ya munthu, sindikudziwa ngati alipo analitsegulanso.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi aja atatenga ana awiri a mng'ono wawo amene anamwalira. Nditamva, ndinaona ngati mwayi wandipeza. Ulendo uno panalibe chonama, anawo anali amasiyedi, ndipo khomo lolera ana amasiye linkalandira ufa wa phala, mabulangete ndi mbewu. Ndinathamangira kwawo ndi fomu m'chikwama. Ndinawapeza akupeta mpunga wa eni ake, waganyu, wochokera m'munda womwe unali wawo. Ndinawafotokozera zonse, n'kutulutsa cholembera.

"Ayi, alangizi. Dzina langa musalilembenso."

"Amayi, apa palibe chobisa kapena chobwereka. Ndi zoona zokhazokha."

"Lero ndi zoona. Nanga chaka chamawa akadzafuna zina? Anawa mudzati si amasiyenso?"

"Ganizirani anawa, amayi."

"Ndikuwaganizira. Lembani ena, alipo ambiri m'mudzi muno. Ine ndatopa n'kusinthidwa."

Ndinawachonderera mpaka ndinachita manyazi. Sanasunthe. Ndinabweza fomu m'chikwama yosalemba. Pambuyo pake ndinkatumiza ufa wa phala kudzera mwa mayi wina woyandikana nawo, osanena kumene wachokera. Sindikudziwa ngati ankadziwa. Mwina ankadziwa, poti mayi anga aja zinthu sizinkawadutsa.

Chaka chotsatira amuna anga anawasamutsira ku Dedza, inenso ndinapeza ntchito kubungwe lina kumeneko. Ndagwira ntchito zachitukuko moyo wanga wonse, ndipo mawu atsopano ndawalemba m'makope ambiri. Sindinganene kuti zonse zinali zachabe. Ndaona mijigo ikutulutsa madzi, ndaona anthu amene tinkawayesa akufa akudzuka ndi mankhwala. Abwana aja anamwalira, ndipo pamaliro awo anthu ananena zabwino zambiri zimene zinali zoona. Sindiwasenzetsa mlandu wanga. Abwanawo mayi aja ankawadziwira patali ndi pachithunzi. Amene ndinadya m'mbale ya mayiwo ndine.

Ndinabwererako ku Phalombe kamodzi, patapita zaka zisanu, pa ulendo wa ntchito. Nditamaliza zimene ndinapitira ndinapempha dalaivala kuti tikhotere kumudzi kuja. Pamene panali nyumba yawo panali nandolo wotalika kundiposa. Mayi woyandikana nawo uja anandizindikira, n'kundiuza kuti anasamuka zaka ziwiri zapitazo. Anawolokera ku Mozambique, kwa abale a agogo awo, kumene malo olima akadalipo. Anapita ndi ana onse anayi, awo awiri ndi amasiye awiri aja. Akuti ali bwino, amalima chimanga ndi nandolo, ndipo nthawi zina amatumiza moni kwa anzawo kudzera mwa anthu a malonda.

Ndinafunsa ngati pa moni ameneyo anayamba atchulapo za ine. Mayiyo anaganiza kaye, kenako anati sakukumbuka.

Anandilongosolera njira yonse, msika wodutsa, mtsinje wowoloka, ndi tchalitchi chimene ndikafunsirepo. Anati si kutali, anthu amapita pa njinga m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo pamalirepo savutitsa. Dalaivala anati ngati ndikufuna tikhoza kuyesa mawa lake, poti tsiku linalipo. Ndinamuuza kuti tili ndi lipoti loti tikamalize, ndipo tinabwerera ku Dedza.